Dzina Limodzi, Amuna Atatu: A Washington a ku America



M'dziko la United States of America muli dzina limodzi limene mwana ali yense wa sukulu alidziwa, ndilo Washington. Mzinda waukulu wa boma uchedwa Washington, cigawo cina ca kumadzulo kwa dzikolo cichedwanso Washington, ndipo nkhope ya mwini dzinalo iri pa ndalama ya pepala ya dola imodzi. Munthuyo anali Mzungu, mwini minda ndi akapolo, ndipo sanabale mwana. Koma pamene boma linawerenga anthu m'caka ca 2000, linapeza anthu 163,036 a dzina la Washington, ndipo pa anthu 10 ali onse, 9 anali anthu akuda.

Nkhani ino ndi ya amuna atatu amene anasenza dzina limeneli. Woyamba analilandira kwa atate wace, waciwiri anadzisankhira yekha ali mwana, ndipo wacitatu linangomgwera. Awiri otsirizawa anabadwa akapolo, nakhala aphunzitsi a ana a alimi osauka. Ndipo maganizo ao anaoloka nyanja, nafika kufikira ku Mazabuka ndi ku Chalimbana. Cifukwa cace moyo wao ukhudza mphunzitsi ali yense amene makolo anamfunsapo kuti, kodi mwana anadza kusukulu kudzagwira khasu kapena kudzagwira buku?

WOLANDIRA DZINA KWA ATATE WACE

George Washington anabadwa pa 22 February 1732 m'cigawo ca Virginia, nthawi imene dzikolo linali pansi pa mfumu ya ku England. Atate wace anamwalira mu 1743, iye ali ndi zaka 11, namsiyira munda ndi akapolo 10. Maphunziro ace anali ocepa ndithu, ndipo ku koleji sanapondeko. Koma masamu anawagwira zolimba, kotero kuti ali ndi zaka 17 anapatsidwa nchito yoyeza malo, nayenda m'nkhalango ndi unyolo woyezera, nalemba mapu.

Pamene anthu a m'zigawo 13 za ku America anaukira ulamuliro wa England, anamsankha iye mu 1775 kuti akhale mkulu wa asilikali ao. Nkhondoyo inali yaitali. Asilikali ace anasowa nsapato ndi cakudya, ndipo anagonja kawirikawiri. Koma mu 1781 ankhondo a Angerezi anadzipereka pa Yorktown, ndipo mtendere unalembedwa mu 1783. Apa anacita cinthu cimene akulu a nkhondo sacita kawirikawiri: anabweza udindo wace kwa aphungu a anthu, nabwerera ku munda wace wa Mount Vernon. Anamuitananso, nakhala Pulezidenti woyamba kuyambira 1789 kufikira 1797; ndipo atalamulira zaka 8 anatsika pampando mwa kufuna kwace, pamene panalibe lamulo lomkakamiza kutero. Mbiri yace yeniyeni iri pamenepa, kuti kawiri konse anagwira mphamvu, ndipo kawiri konse anaitula.

Analinso mlimi wocenjera. Poona kuti fodya anali kugugitsa nthaka, analeka kumlima, nayamba tirigu, nagawa minda yace kuti mbeu zizisinthana pa zaka 7. Koma akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Manja amene analima mindayo anali manja a akapolo. Munthu amene anamenyera ufulu wa dziko lace anali kugula ndi kugulitsa anthu. Ndipo pamene mdzakazi wina, dzina lace Ona Judge, anathawa mu 1796, iye anatuma anthu kukamfuna, koma sanathe kumbweza. Pa imfa yace, pa 14 December 1799, pa Mount Vernon panali akapolo 317. Mwa iwo 123 anali aceace, ndipo m'kalata yogawa cuma ca masiye analamula kuti amenewa amasulidwe, okalamba asamalidwe, ndi ana amasiye aphunzitsidwe kuwerenga, kulemba ndi nchito ya manja. Anamasulidwa pa 1 January 1801. Otsalawo, popeza sanali ace mwa lamulo, anakhalabe mu ukapolo.

Ukapolo sunathe m'dzikomo kufikira 1865, itatha nkhondo ya paciweniweni ya zaka 4. Pamenepo anthu pafupifupi 4,000,000 anamasulidwa. Ambiri a iwo anafunika kulembetsa dzina la banja kwa nthawi yoyamba, ndipo ena anatenga dzina la mbuye wao wakale, ena anasankha lacilendo. Ambiri ndithu anasankha la Washington.

WODZISANKHIRA DZINA

Mmodzi wa omasulidwawo anali mnyamata wa zaka 9 wochedwa Booker. Anabadwa mu 1856 pa munda wa fodya wa James Burroughs, pafupi ndi Hale's Ford, m'Virginia momwemo. Amace, Jane, anali wophika wa pamundapo. Atate wace anali Mzungu amene sanamsamale konse. M'buku la cuma ca mbuye wace mnyamatayo analembedwa pamodzi ndi ziweto, ndi mtengo wace wa madola 400. Kusukulu anafikako monga wonyamula mabuku a mwana wamkazi wa mbuye wace, nalekezera pakhomo, pakuti lamulo linaletsa kuphunzitsa kapolo.

Atamasulidwa, banjalo linasamukira ku Malden, m'cigawo ca West Virginia, kumene Booker anagwira nchito yolongedza mcere m'migolo, ndipo pambuyo pace m'mgodi wa malasha. Cinthu coyamba cimene anaphunzira kuwerenga cinali nambala 18, imene kapitao analemba pa migolo ya atate wace womlera. Amace, amene sanadziwe kuwerenga, anampezera kabuku ka zilembo. Tsiku loyamba kusukulu anamva mphunzitsi alikuitana maina, nazindikira kuti ana anzace anali ndi maina awiri, koma iye limodzi lokha. Pamene mphunzitsi anafika pa iye, anayankha kuti dzina lace ndi Booker Washington. Atate womlerayo dzina lace loyamba linali Washington, ndipo dzinalo linalinso lomveka koposa onse m'dziko. Patapita nthawi anamva kuti amace anamucha Booker Taliaferro ali khanda. Cotero anakhala Booker T. Washington.

M'mgodi muja anamva amuna awiri alikukamba za sukulu ya anthu akuda ku Hampton, kumene wophunzira wosauka angathe kulipira cakudya cace ndi nchito ya manja. Sukuluyo inayambidwa mu 1868 ndi Samuel Armstrong, mwana wa amisyoni amene anagwira nchito ku Hawaii. Mu 1872 Booker anauyamba ulendo wa mailosi pafupifupi 500, pena pa galeta, pena pansi. Ndalama zinamthera pa Richmond, nagona panja, natsitsa katundu m'combo kuti apeze cakudya. Anafika ku Hampton ndi masenti 50, wauve ndi wosasamba, ndipo mphunzitsi wamkulu, Mary Mackie, anakayika kumlandira. Potsiriza anampatsa tsace kuti asese cipinda cophunziriramo. Mnyamatayo anasesa katatu, napukuta fumbi kanai, nasuntha mipando yonse. Ndipo dona uja, atapaka nsalu yace pa matabwa osapeza fumbi, anamlandira. Amenewo ndiwo anali mayeso ace olowera. Anatsiriza mu 1875, nabwerera ku Malden kukaphunzitsa ana usana ndi akulu usiku.

Mu 1881 anthu a ku Tuskegee, m'cigawo ca Alabama, anapempha mphunzitsi woti ayambe sukulu yophunzitsa aphunzitsi akuda. Amene anailimbikira sukuluyo anali Lewis Adams, munthu wobadwa kapolo, wosula zitini ndi wosoka nsapato. Armstrong anatumiza Booker, ali ndi zaka 25. Iye anapeza kuti boma linalonjeza madola 2,000 pa caka, a malipiro a aphunzitsi okha. Koma malo panalibe, nyumba panalibe, mabuku panalibe. Asanatsegule sukulu anayenda mwezi wathunthu m'midzi, nagona m'nyumba za alimi, kuti aone moyo wa ana amene adzawaphunzitse. Anaona thonje lolimidwa kufikira pakhomo peni peni pa nyumba, popanda dimba la ndiwo. Anaona anthu ogula cakudya m'sitolo pa ngongole. Ndipo m'nyumba ina anapeza foloko imodzi ya anthu 5, koma pangodya pali limba la madola 60.

Sukulu inatsegulidwa pa 4 July 1881 ndi ophunzira 30, ambiri a iwo aphunzitsi a m'midzi, ena aakulu msinkhu koposa iye. Anaphunzira m'kanyumba kodontha pafupi ndi chalichi, ndipo pakugwa mvula wophunzira mmodzi anagwirira mphunzitsi ambulera. Posacedwa anagula munda wa maekala 100 pa madola 500, atabwereka theka la ndalamazo kwa msungi wa cuma wa ku Hampton. Ndipo mphunzitsi mnzace, Olivia Davidson, anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa zobwezera. Khola la akavalo ndi khola la nkhuku anazikonza, nazisandutsa zipinda zophunziriramo.

Tsono panabuka bvuto limene mphunzitsi wa kumudzi alidziwa bwino. Ophunzira sanafune kugwira nkhwangwa ndi khasu, ndipo makolo analemba makalata odandaula. Pakuti anati, m'ukapolo anthu analima zaka mazana awiri, ndipo sukulu iyenera kukhala njira yothawira khasu. Booker sanawatsutse ndi mau ambiri. Anatenga nkhwangwa yace, natsogola kunka kuthengo, ndipo ophunzira anacita manyazi, namtsata. Pambuyo pace anafuna kuumba njerwa zomangira sukulu. Uvuni woyamba, wa njerwa pafupifupi 25,000, unalephera, waciwiri unalephera, wacitatu unagwa usiku. Ndalama zitatha, iye anakapinyolitsa wochi yace ku Montgomery pa madola 15, namanga uvuni wacinai, ndipo umenewo unapsa bwino. Wochiyo sanaiombole. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa imfa yace, pa 14 November 1915, Tuskegee inali ndi ophunzira pafupifupi 1,500 ndi nyumba zoposa 100, zambiri za izo zomangidwa ndi ophunzira okha. Mbiri ya moyo wace anailemba m'buku lochedwa Up from Slavery, limene linaturuka mu 1901.

Asanamwalire anakopa munthu wacuma, Julius Rosenwald, kuti athandize kumanga sukulu za m'midzi. Pangano lace linali lakuti ndalama zace zidzabwera pokha pokha ngati anthu a pamudzi apereka gawo lao, kaya malo, kaya matabwa, kaya nchito ya manja ao, ndipo boma la m'deralo livomera kuyendetsa sukuluyo. Anayamba ndi sukulu 6 pafupi ndi Tuskegee. Pofika 1932 zinali pafupifupi 5,000 m'zigawo 15. Mutu umodzi susenza denga.

AMENE DZINA LINAMGWERA

Wacitatu anabadwa kapolo pafupi ndi Diamond, m'cigawo ca Missouri, ca m'ma 1864. Ali khanda, acifwamba anamuba pamodzi ndi amace, Mary. Mbuye wao, Moses Carver, anatuma munthu kukawafuna. Mwanayo anapezeka, ndipo wompezayo analipidwa kavalo, koma amace sanaonekenso. Moses ndi mkazi wace Susan anamlera. Pokhala wodwaladwala sanapite kumunda, koma anaphunzira kuphika, kucapa ndi kusoka, ndipo anakonda kusamala zomera, kotero kuti anansi anali kumbweretsera maluwa ao ofota kuti awatsitsimutse.

Sukulu ya pafupi inali ya Azungu okha. Cotero anacoka panyumba ali mnyamata, napita ku Neosho kumene kunali sukulu ya ana akuda, ndipo kucokera kumeneko anayendayenda m'matauni a ku Kansas, alikucapa zobvala za anthu kuti apeze ndalama za sukulu. Anthu anali kumucha George wa kwa Carver, monga munthu achula mbuzi ya uje. Pambuyo pace mauwo anatembenuzidwa, ndipo iye anakhala George Carver. M'tauni ina munali George Carver winanso, ndipo makalata ao anasokonezeka. Cifukwa cace anaika cilembo W pakati pa maina ace. Anthu anayamba kunena kuti W ameneyo ndi Washington, ndipo iye sanakane.

Koleji ya Highland, ku Kansas, inamlandira pa kalata, koma itaona khungu lace inambweza pakhomo. Sanaleke. Mu 1890 analowa koleji ya Simpson, ku Iowa, kukaphunzira kujambula, ndipo mu 1891 anasamukira ku koleji ya zaulimi ku Ames, kumene anali wophunzira wakuda woyamba. Analandira digiri yoyamba mu 1894 ndi yaciwiri mu 1896, nakhala katswiri wa matenda a zomera. M'caka comweco Booker anamuitana ku Tuskegee, ndipo anakhala komweko zaka 47, kufikira imfa yace pa 5 January 1943.

Atafika anapeza kuti cipinda coyeseramo zinthu ciribe zipangizo. Anatenga ophunzira ace kunka kudzala, natola mabotolo, zitini ndi mawaya, napanga nazo ziwiya zoyesera nthaka. Bvuto la alimi linali loonekeratu. Thonje lolimidwa caka ndi caka pa munda umodzi linatha mphamvu ya nthaka, mvula inakumba zigwembe, ndipo alimi ambiri anali obwereka minda, opatsa mwini munda gawo la zokolola, osatha kugula feteleza. Carver anawaphunzitsa mankhwala osagula: manyowa a m'khola, masamba oola, matope a m'dambo, ndi kusinthanitsa thonje ndi mtedza, khobwe ndi mbatata. Cifukwa cace n'ici: pa mizu ya mtedza ndi khobwe pali timaphundu ting'onoting'ono, mmene mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timeneti titenga naitrojeni wa mu mpweya ndi kumsandutsa cakudya ca mbeu, ndipo gawo lina litsala m'nthaka kuthandiza mbeu ya caka ca mawa. Pamene kacirombo kochedwa boll weevil kanafika ku Alabama ca m'ma 1910 nikaononga thonje, alimi ambiri anatembenukira ku mtedza.

Popeza mlimi sakanatha kusiya munda wace kudza kusukulu, sukulu inapita kwa iye. Mu 1906 anakonza ngolo yokokedwa ndi nyuru, yochedwa Jesup Wagon, yonyamula makasu, mbeu ndi ziwiya zopangira mafuta a mkaka, ndipo wophunzira wa ku Tuskegee, Thomas Campbell, anayenda nayo m'midzi. Carver analembanso timabuku 44 m'mau osabvuta. Kochuka koposa ndi ka 1916, kofotokoza kalimidwe ka mtedza ndi njira 105 zoukonzera kuti ukhale cakudya. Mu 1921 anaitanidwa ku nyumba ya malamulo ku Washington kukalankhulira alimi a mtedza. Anampatsa mphindi 10, koma aphungu anamuonjezera nthawi kambiri. Anthu pambuyo pace anakometsera mbiri yace, namnamizira kuti ndiye anayamba kupanga ciponde ca m'mabotolo, cimene siciri coona. Ndipo zambiri zimene anapanga ndi mtedza sizinagulitsidwe konse. Ulemu wace weniweni ndi wa mphunzitsi wodziwa zakuya amene anazinena m'mau omveka kwa mlimi wa khasu limodzi. Iye ndi Booker anakangana kawirikawiri pa za ndalama ndi kayendetsedwe ka munda wa sukulu, koma manda ao ali pafupi pafupi ku Tuskegee.

MLANDU WA KHASU NDI BUKU

Pa 18 September 1895 Booker analankhula pa cionetsero cacikulu ku Atlanta, pamaso pa Azungu ndi akuda. Analangiza anthu a mtundu wace kuti ayambe ndi ulimi ndi umisiri pamene ali, osathamangira mipando ya boma. Ndipo anafanizira mitundu iwiriyo ndi zala za dzanja limodzi, zolekana koma zogwira nchito pamodzi. Azungu anakondwera kwambiri, pakuti anamva monga kuti wabvomereza tsankho. M'caka cotsatira, 1896, bwalo lalikulu la milandu linaloleza kulekanitsa mitundu m'sitima za pamtunda, ndipo mu 1901 cigawo ca Alabama cinalemba malamulo amene analanda anthu akuda ambiri mphamvu ya kuvota.

Mu 1903 W. E. B. Du Bois, munthu wakuda woyamba kulandira digiri ya udokotala wa maphunziro ku Harvard, anamtsutsa m'buku lace lochedwa The Souls of Black Folk. Iye anati mmisiri wopanda voti sangathe kuteteza nyumba imene wamanga. Anatinso ngakhale Tuskegee yomwe sikanakhalako popanda aphunzitsi ophunzira m'makoleji. Mau amenewa anali oona. Koma Booker anakhala pakati pa anthu amene anali kupha akuda popanda mlandu, ndipo mau amodzi olakwika akanaochetsa sukulu yace. Makalata ace atafufuzidwa, patapita zaka zambiri iye atamwalira, anaulula kuti anali kulipira mobisa maloya otsutsa malamulo olanda voti aja. Ngakhale zinali tero, kufatsa kwace sikunafewetse tsankho. Linagwetsedwa ndi milandu ya m'makhoti ndi kulimbika kwa anthu, mu 1954 pa za sukulu, ndipo mu 1964 ndi 1965 pa za ufulu wa nzika ndi voti.

Mlandu umenewu unaoloka nyanja. Mu 1907 mai wina wa mpingo wa Quaker, Anna Jeanes wa ku Philadelphia, anapereka madola 1,000,000 kuthandiza sukulu za m'midzi za anthu akuda, ndipo Booker anali mmodzi wa osunga cumaco. Mu 1908 Virginia Randolph anakhala mphunzitsi woyendera woyamba wa Jeanes, alikuyenda sukulu ndi sukulu kuthandiza aphunzitsi anzace pa za ukhondo, dimba ndi nchito za manja. Mu 1924 gulu la Phelps-Stokes, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones amene anaphunzitsapo ku Hampton, ndipo mmodzi wa iwo anali James Aggrey wa ku Gold Coast, linayendera maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, pamodzi ndi Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Linalangiza maboma ndi amisyoni kutsata njira ya Hampton ndi Tuskegee. Sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Kabete, ku Kenya, mu 1925; pofika 1930 zinaliko ku Domasi ndi ku Mazabuka, ndipo ya ku Mazabuka inasamukira ku Chalimbana mu 1939.

Aphunzitsi a Jeanes ndi akazi ao anacita zabwino zambiri m'midzi: zimbudzi, zitsime zoyera, madimba, ndi kusamala makanda. Koma ambiri a olamulira a nthawi ija anatengako theka lokha la ciphunzitso ca Tuskegee. Anakonda khasu la Booker, naiwala digiri ya Carver; pakuti munthu wodziwa kulima ndi kupala matabwa sabvuta boma, koma wodziwa malamulo afunsa mafunso. Maphunziro a sekondale a boma anayamba mocedwa, ku Munali mu 1939, ndipo pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964 linali ndi anthu ace pafupifupi 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesiti. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Cotero makolo amene anakayikira dimba la sukulu sanali aulesi kapena opusa. Anaona kuti khasu lingathe kusanduka mpanda wotsekera mwana.

ZIMENE MPHUNZITSI ANGATOLEPO

Moyo wa amuna awa uonetsa kuti khasu ndi buku sizinapangidwe kuti zilimbane. George Washington analowa m'nchito ndi masamu a woyeza malo. Booker anasesa cipinda kuti aloledwe kuwerenga. Carver anatha kuthandiza mlimi wosauka cifukwa anaphunzira sayansi kufikira pamwamba. Akanalekezera pa dimba la sukulu ya ku Neosho, sakanadziwa za timaphundu ta pa mizu ya mtedza. Pamenepa pali malangizo anai.

Loyamba, mphunzitsi adziwe mudzi asanauphunzitse, monga Booker anayenda mwezi wathunthu m'nyumba za alimi. Amene sadziwa cimene ana ace adya m'miyezi ya January ndi February sangathe kudziwa cifukwa cace aodzera m'kalasi.

Laciwiri, nchito ya manja isakhale cilango, ndipo isakhale yopindulitsa mphunzitsi. Mwana wolimitsidwa cifukwa wacedwa adzadana ndi khasu moyo wace wonse. Ndipo ana olima munda wa mphunzitsi aphunzira za ukapolo, osati za ulimi. Mphunzitsi agwire khasu poyamba iye mwini, ndipo zokolola ziwerengedwe poyera, kuti makolo aone kumene zapita.

Lacitatu, dimba likhale buku. Ana ayeze utali ndi ufupi wa munda, napeze ukulu wace. Abzale cimanga pa ndime imene munali mtedza caka catha, ndi cinanso pa ndime imene munali cimanga, nayese zokolola za ndime ziwirizo pa sikelo. Azule mtedza, naone timaphundu ndi maso ao, nalembe zimene aona m'Cinyanja ndi m'Cingerezi. Pamenepo kholo lofunsa za khasu ndi buku lidzayankhidwa ndi kope la mwana wace.

Lacinai, mwana wanzeru asatsekeredwe. Mnyamata wauve wa ku Hampton akanabwezedwa pakhomo, monga Carver anabwezedwa ku Highland. Kusiyana kwa masukulu awiriwo kunali mphunzitsi mmodzi amene anapatsa mlendo mpata wa kudzionetsa. Mphunzitsi wa kumudzi akaona mwana wotere, kaya mnyamata kaya mtsikana, amphunzitse koposa zimene mayeso afuna, akambe ndi makolo ace, alembe makalata kwa oyang'anira sukulu ndi kwa mpingo, ndipo asatope kufikira mwanayo atapeza malo ku sukulu ya patsogolo.

Sukulu imene inayamba ndi ophunzira 30 pansi pa denga lodontha inakwezedwa mu 1985, nikhala Tuskegee University. Ndipo iphunzitsa madokotala a ziweto, mainjiniya ndi anamwino, pamodzi ndi alimi. Nyumba zina za njerwa zoumbidwa ndi ophunzira oyamba aja zikali ciimire, ndipo muli makalasi. M'mera m'poyamba, ndipo poyambapo, ku Alabama ngakhale ku Zambia, pali mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi.